Ndikupita kumudzi kuchokera ku Thailand: kodi viza yanga idzandidikira, nanga inshuwalansi ya mliri njofunikabe?

Mayi wina wa ku Zomba walemba motere: "Ndakhala ndikuphunzitsa Chingelezi pasukulu ina ku Chiang Mai, m'dziko la Thailand, kwa zaka zitatu. Ndinalowa ndi viza ya ogwira ntchito yotchedwa Non-B, ndili ndi chilolezo chogwirira ntchito, ndipo chaka chilichonse a imigireshoni amandiwonjezera chaka china. Chidindo chimene chili m'pasipoti mwanga chikutha pa 30 Epulo. Mayi anga akudwala, choncho ndikufuna kupita kumudzi pakati pa Malichi sukulu ikatsekera, ndidzabwere cha pa 10 Epulo. Anzanga akundiopseza kuti popanda inshuwalansi ya Covid ya madola 100,000 sadzandilola kulowanso, ena akuti ndikangotuluka viza yatha. Ndikuopanso kuti matenda ena angabuke ndili kumudzi n'kunditsekera kunja. Ndichite bwanji?"

Mayi, pepani ndi matenda a mayi anu, ndipo mtima ukhale m'malo, chifukwa ulendowu ndi wotheka ndipo anthu ambiri amene ali ndi viza ngati yanuyi amatuluka ndi kubwerera popanda vuto. Zimene anzanuwo akunena sizinachoke m'mutu, kungoti asakaniza malamulo a nyengo zosiyana ndi a maviza osiyana. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza anthu ogwira ntchito kunja pa nkhani za zikalata za ulendo ndi inshuwalansi, ndaona kuti mantha ambiri amathera pa pepala la inshuwalansi, pamene chimene chimagwetsa anthu kwenikweni ndi kachidindo kamodzi ndi tsiku lolembedwa pamenepo.

Madola 100,000 amene mwamvawo analidi lamulo. Ku Thailand nyengo yadzidzidzi inayamba pa 26 Malichi 2020, ndipo kumayambiriro kwa Epulo ndege zonyamula anthu zinaletsedwa kutera. Pamene anayamba kulola magulu ena a alendo kubwerera mu Julayi chaka chomwecho, munthu ankayenera kupeza chikalata chotchedwa Certificate of Entry ku ofesi ya kazembe, kuyezetsa Covid pasanathe maola 72 asanakwere ndege, kulipiriratu hotela yoti akabindikiritsidwemo masiku 14, komanso kuonetsa inshuwalansi yolipira chithandizo cha Covid mpaka madola 100,000 a ku America. Pa 1 Novembala 2021 kunabwera njira ya pa intaneti ya Thailand Pass ndipo ndalamayo inatsika kufika pa madola 50,000, mu Malichi 2022 inafika pa 20,000, mu Meyi pa 10,000, kenaka pa 1 Julayi 2022 Thailand Pass inathetsedwa pamodzi ndi lamulo la inshuwalansiyo. Choncho mlendo wamba, kapena wantchito ngati inu, safunsidwanso pepala limeneli pabwalo la ndege.

Pali gulu lina limene nambala ya 100,000 inalikhudzanso, ndipo ndikukhulupirira kuti nkhaniyi inafika kwa anzanu kuchokera kumeneko. Amenewa ndi anthu a zaka 50 kupita m'tsogolo okhala ndi viza ya opuma pantchito yotchedwa O-A. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala 2019, mliri usanabwere n'komwe, iwowa anayamba kukakamizidwa kukhala ndi inshuwalansi ya zaumoyo ya 400,000 baht (ndalama za ku Thailand) ya ogonekedwa m'chipatala ndi 40,000 baht ya oyendera, ndipo pambuyo pake ndalamayo inakwezedwa kufika pa 3,000,000 baht, kapena madola 100,000. Chiang Mai ndi mzinda wodzaza ndi azungu opuma pantchito, ndiye n'zosadabwitsa kuti nkhani zawo zimamveka ngati lamulo la aliyense. Inu muli pa Non-B, lamulo limeneli si lanu.

Anzanu achiwiri aja, amene akuti mukangotuluka viza yatha, ndi amene ndikufuna muwamvere kwambiri, chifukwa akunena zoona pokhapokha mutachitapo kanthu musananyamuke. Viza imene munalowera zaka zitatu zapitazo inatha ntchito kalekale. Chimene chikukusungani m'dzikomo lero ndi chilolezo chokhala chimene a imigireshoni amakuwonjezerani chaka ndi chaka mukalipira 1,900 baht. Chilolezo chimenechi chimafa nthawi imene mwadinditsa zotuluka m'dziko, ngakhale chikhale kuti chatsala ndi miyezi khumi, pokhapokha ngati m'pasipoti mwanu muli chidindo china chotchedwa re-entry permit, chimene ntchito yake ndi kusunga chilolezo chokhalacho kuti chisafe inu muli kunja. Mumalemba fomu ya TM.8, mumapereka chithunzi chimodzi ndi makope a masamba a pasipoti, ndipo mtengo wake ndi 1,000 baht pa ulendo umodzi kapena 3,800 baht pa maulendo ambiri. Poti mayi anu akudwala ndipo mukhoza kuitanidwanso mwadzidzidzi, ine ndingatenge cha maulendo ambiricho, ngakhale ndalama yake ikuoneka yochuluka.

Chidindochi amaperekanso pa mabwalo akuluakulu a ndege monga Suvarnabhumi ndi Don Mueang ku Bangkok, ndi pa Chiang Mai pomwepo, koma sindilangiza munthu kudalira zimenezo ngati ali ndi mpata wopita ku ofesi ya imigireshoni ya m'tauni. Ndikukumbukira bambo wina amene anandiimbira ali kale kwawo kumaliro. Tsiku lonyamuka anafika mochedwa pabwalo, mzere unali wautali, mtima uli kumudzi, ndipo anangodutsa pa kauntala n'kudinditsa zotuluka. Atatsegula pasipoti yake patapita sabata, chilolezo chake chinkaonekabe cholembedwa bwinobwino ndi tsiku la miyezi isanu ndi iwiri kutsogolo, moti sanakhulupirire nditamuuza kuti chinafa pamene ofesala uja anamenya chidindo. Anayambiranso pachiyambi: makalata atsopano ochokera kwa omulemba ntchito, pempho latsopano la viza, ndi masabata angapo opanda malipiro. Thailand ilibe ofesi ya kazembe ku Lilongwe, zoyandikira zili ku Maputo, Pretoria ndi Nairobi, ndipo ngakhale masiku ano viza amapemphera pa intaneti, zikalata zochokera kusukulu ndi ku maofesi a boma la Thailand sizibwera tsiku limodzi.

Pamene ndikufuna tikhazikike ndi pa masiku anu. Re-entry permit siwonjezera tsiku ngakhale limodzi. Imangosunga chilolezo chimene muli nacho, ndipo imatha tsiku lomwelo limene chilolezocho chikutha, lomwe kwa inu ndi 30 Epulo. Mukabwera pa 10 Epulo adzakudindirani kuti mukhale kufikira pa 30 Epulo basi. Mukalephera kufika pofika tsikuli, kaya chifukwa cha maliro, kaya ndege yalephereka, kaya dziko latseka zipata, zonse ziwiri zimathera limodzi, ndipo palibe ofesi ya kazembe imene ingakuwonjezereni muli kunja, chifukwa kuwonjezera kumachitika munthu ali m'dzikomo ndi pasipoti yake m'manja. Izi n'zimene zinachitika mu 2020. Alendo amene mliri unawapeza ali m'kati mwa Thailand boma linawakhululukira n'kuwalola kukhala mpaka kumapeto kwa Okutobala, koma amene unawapeza ali kunja, masiku awo ankangowerengeka mpaka kutha, nyumba zawo zili zokhoma ku Bangkok kapena ku Chiang Mai, lendi ikuyenda.

Kwa ife a kumwera kwa Africa nkhaniyi si ya m'maluwa. Pa 24 Novembala 2021 dziko la South Africa linadziwitsa bungwe la WHO za mtundu watsopano wa kachilombo, umene unatchedwa Omicron pa 26 Novembala. Pasanathe masiku angapo Thailand inalengeza kuti kuyambira pa 1 Disembala sidzalola ochokera m'mayiko asanu ndi atatu, omwe ndi Botswana, Eswatini, Lesotho, Malawi, Mozambique, Namibia, South Africa ndi Zimbabwe, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu Januwale 2022. Munthu amene anapita kumudzi ndi chilolezo chotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi anangochedwa kubwerera. Amene anapita ndi chotsala ndi mwezi umodzi anataya zonse. Onsewa anali ndi re-entry permit yovomerezeka, ena anali ndi inshuwalansi yabwino, koma chiletso sichinkayang'ana zimenezo, chinkayang'ana kumene munthu akuchokera. Ndimakumbutsa izi osati pofuna kukuopsezani, popeza WHO inalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid siilinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma chifukwa taona ndi maso kuti matenda akatchulidwa kuti achokera ku Africa, zipata zimatsekedwa m'masiku ochepa, ndipo olemba mndandanda wa mayiko sasiyanitsa Zomba ndi Johannesburg.

Inu mwadzisiyira masiku 20 okha, ndipo m'kati mwake muli chikondwerero cha Songkran cha pa 13 mpaka 15 Epulo, pamene maofesi a boma amatseka ndipo ogwira ntchito m'maofesi a sukulu ambiri amakhala atapita kwawo. Mpata umenewu ndi wochepa kwa munthu amene akupita kukadwazika, poti matenda a kholo sayendera tsiku la tikiti. Njira yabwino koposa ndi kuwonjezeratu chaka china musananyamuke. Maofesi a imigireshoni amalandira pempholi kutatsala masiku 30, ndipo ena amalandira kutatsala masiku 45, zimene kwa inu zikugwera pakati pa Malichi penipeni. Pitani mawa lomwe kwa amene amayendetsa za maviza pasukulu panu, muwafotokozere za matendawa, muwafunse ngati mgwirizano wa ntchito wa chaka chamawa ndi makalata ake zingakonzedwe msanga, ndipo iwo afunse ku imigireshoni ya Chiang Mai tsiku loyambirira limene angakulandireni. Ngati kutero kukutanthauza kuchedwetsa ulendo ndi sabata imodzi, ndipo mayi anu sali pa kayakaya, chedwetsani. Musaiwale ndondomeko yake: muyambe mwawonjezera chaka, kenaka mutenge re-entry permit, chifukwa mukaitenga poyamba idzakhala yomangirizidwa ku 30 Epulo ndipo mudzafunika kugula ina. Ngati sukulu singathe kufulumira, fupikitsani ulendo, bwerani kumayambiriro kwa Epulo, ndipo gulani tikiti yolola kusintha tsiku.

Pemphaninso kalata ya sukulu yonena kuti muli patchuthi chovomerezeka ndipo ntchito yanu ikukudikirani. Chilolezo chanu chokhala chaima pa ntchitoyo, ndiye sukulu ikakuchotsani m'buku muli kunja, chidindo cha m'pasipoti chimangotsala inki. Kalatayi ndi yothandizanso pa kauntala ya ndege ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kumene wogwira ntchito amene sanaonepo zidindo za ku Thailand akhoza kufunafuna pepala la viza lomata, n'kupeza lakale lotha ntchito, n'kuyamba kukayika.

Za inshuwalansi, kusakhalapo kwa lamulo sikutanthauza kuti simukuifuna, koma muigule chifukwa cha zimene imalipira, osati chifukwa cha mawu akuti Covid olembedwa pachikuto. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2021 ku Thailand mlendo wopezeka ndi kachilomboka nthawi zambiri ankagonekedwa m'chipatala kapena m'hotela yosandutsidwa chipatala, ngakhale asakumva kupweteka paliponse. Alendo ambiri anali ndi mapepala a madola 100,000 amene analoledwa nawo kulowa, koma pofuna kulipiridwa kampani inkayankha kuti munthu wopanda zizindikiro sanafunikire kugonekedwa, choncho bilu ya masiku khumi kapena kuposerapo inali yake. Pepala lija linakwaniritsa lamulo la pachipata, koma silinateteze thumba la mwini wake. Nawonso makampani ena a m'dzikomo anagulitsa inshuwalansi yotsika mtengo yolonjeza ndalama yonse munthu akangopezeka ndi kachilombo, ndipo odwala atachuluka makampaniwo anagwa. Asia Insurance inalandidwa chiphaso mu Okutobala 2021, Southeast Insurance ndi Thai Insurance mu Epulo 2022, ndipo anthu ambiri anadikira nthawi yaitali kuti alandire zawo. Choncho mphamvu za kampani n'zofunika kuziyang'ana mofanana ndi mawu a mgwirizano.

Yambani ndi kudziwa chimene muli nacho kale. Ngati mumadulidwa ndalama ya Social Security, thumba la boma la ogwira ntchito, mwezi ndi mwezi, muli ndi chipatala chimene munalembetsa, ndipo chithandizocho chimagwira ntchito m'kati mwa Thailand mokha. Aphunzitsi a sukulu zambiri zoyima pazokha sali m'ndondomeko imeneyi, m'malo mwake sukulu imawagulira inshuwalansi ya gulu, imene nthawi zambiri malire ake ndi otsika ndipo imatha tsiku limene ntchito yatha. Pemphani pepala lake muliwerenge nokha. Mukaona chaka cholembedwa ngati 2568 musadabwe, kalendala yawo ili patsogolo ndi zaka 543.

Pa ulendowu mufunika inshuwalansi ya paulendo, ndipo pano pali msampha umene umakola anthu opita kwawo. Makampani ambiri salipira chithandizo cholandirira m'dziko limene munthu ali nzika yake, poganiza kuti kumeneko ali kwawo ndipo boma lake limusamala. Mmalawi akagula inshuwalansi ku Chiang Mai yopitira ku Malawi akhoza kupeza kuti ikumuteteza ku Addis Ababa pamene akusintha ndege, koma ikuleka akangotera pa Kamuzu kapena pa Chileka. Funsani funso limeneli mwa kalata, kuti muli ndi pasipoti ya Malawi, mumakhala ku Thailand, mukupita ku Malawi, kodi adzalipira, ndipo yankho lake mulisunge. Funsaninso ngati miliri ili pa mndandanda wa zimene salipira, ngati amalipira munthu akabindikiritsidwa molamulidwa ndi boma asakudwala, ndiponso ngati amabweza ndalama ya tikiti ndi malo ogona pamene boma latseka zipata. Pa funso lotsirizali yankho la makampani ambiri ndi lakuti ayi, ndipo ngakhale amene amalipira salandira munthu wogula matendawo atalengezedwa kale, chifukwa amati ngozi yodziwika siigulidwira inshuwalansi. N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti asiye padera ndalama yokwana tikiti ina ndi lendi ya miyezi iwiri, poti mbali imeneyi palibe kampani imene idzakusenzereni mokwanira.

Dziwaninso kuti matenda a mayi anu ndi odziwika kale, ndiye mukadzasintha ulendo chifukwa cha iwo, makampani ambiri adzakana kubweza. Zimene ndingaikepo mtima kwambiri ndi ndalama yokunyamulani pa ndege kupita ku chipatala chachikulu ku Johannesburg kapena ku Nairobi mutadwala kwambiri, ndi yotumizira thupi kumudzi zitavuta. Nkhani yachiwiriyi sitikonda kuitchula, koma ndaonapo mabanja akugulitsa munda ndi ziweto kuti m'bale wawo akagone kwawo, pamene ndime imodzi ya m'pepala ikanawapeputsa. Imeneyi ikhale m'inshuwalansi yanu ya chaka chonse, osati ya ulendo uno wokha.

Kunena zoona, matenda amene ndikukuoperani pa ulendo wa Malichi ndi Epulo si mliri watsopano ayi, koma malungo. Mwakhala zaka zitatu m'tauni mopanda malungo, thupi lanu laiwala, ndipo mukupita ku Zomba kumapeto kwa dzinja udzudzu uli pachimake. Onanani ndi dokotala za mankhwala oteteza musananyamuke, gonani m'neti, ndipo mukadzamva kutentha thupi mutabwerera, kauzeni dokotala wa ku Chiang Mai tsiku lomwelo kuti mwachokera ku Malawi, chifukwa iye akaona kutentha thupi maganizo ake amathamangira ku dengue, matenda ena ofalitsidwa ndi udzudzu amene ali ofala kumeneko. Onetsetsaninso khadi lanu lachikasu la katemera wa yellow fever. Malawi sili m'gulu la mayiko a matendawa, koma Ethiopia ndi Kenya, kumene ndege zambiri za ulendowu zimadzera, zili pa mndandanda wa Thailand, ndipo mukachedwa kumeneko maola ambiri akhoza kukufunsani khadili.

Pobwerera, lembani pa intaneti khadi lolowera lotchedwa Thailand Digital Arrival Card, limene linayamba pa 1 Meyi 2025. Ndi laulere, amalemba m'masiku atatu otsiriza munthu asanafike, ndipo masamba ofuna ndalama pa khadili ndi a akathyali. Pa kauntala, tsegulani nokha tsamba la re-entry permit mulionetse, ndipo musachoke pamenepo musanawerenge tsiku limene akudindirani, chifukwa cholakwa chokonzedwa nthawi yomweyo chimatenga mphindi ziwiri, pamene chodziwika mochedwa chimabala chindapusa cha 500 baht pa tsiku, mpaka 20,000 baht, ndi mbiri yoipa m'kompyuta mwawo. Masiku 90 okaonekera ku imigireshoni amayambanso kuwerengedwa kuchokera tsiku lolowa, ndipo mufunse mwini nyumba ngati ofesi yanu ikufuna kuti atumizenso fomu ya TM.30, yodziwitsa a imigireshoni kumene mlendo akukhala. Musapangitse pasipoti yatsopano pa ulendo waufupi ngati uno pokhapokha zitakakamiza. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kwathu kunaima kwa masabata angapo, ndipo munthu wa chidindo chowerengeka masiku sangapirire kuchedwa kotero. Mukapangitsabe, yakaleyo muyende nayo, poti zidindo zonse zili m'menemo.

Malamulo a zaumoyo pachipata amasintha mofulumira, moti mu Januwale 2023 Thailand inalengeza kuti ibwezeretsa lamulo loonetsa umboni wa katemera, n'kulichotsanso litangoyamba kumene. Choncho kutatsala sabata kuti mubwerere, ndiponso dzulo lake la ulendo, onani zimene alemba a ofesi ya kazembe wa Thailand ndi a kampani ya ndege, osati za m'magulu a WhatsApp. Mukamva muli kumudzi kuti kwabuka matenda ndipo mayiko ayamba kutchula mayina a mayiko a kuno, musadikire tsiku la tikiti. Kambiranani ndi abale za amene atsale ndi mayi, imbirani kampani ya ndege tsiku lomwelo, ndipo dziwitsani sukulu. Ngati tsiku la chidindo ladutsa muli kunja, ngati sukulu yayamba kuzengereza za mgwirizano watsopano, kapena ngati mwazindikira kuti mwatuluka popanda re-entry permit, musakwere ndege poyembekeza kukachonderera pa Suvarnabhumi. Lemberani ofesi ya kazembe, ndipo sukulu ikupezereni loya wa za imigireshoni wa ku Thailand komweko. Kampani ya inshuwalansi ya m'dzikomo ikakana kulipira popanda chifukwa chomveka, dandaulo limapita ku Office of Insurance Commission, bungwe loyang'anira makampani a inshuwalansi ku Thailand, ndipo mudzafunika malisiti onse, kalata ya dokotala, ndi yankho lolembedwa lija limene anakupatsani musanagule.

Mayi anu tikuwafunira kuchira msanga. Mukakumana ndi a kusukulu, ndilembereninso mundiuze tsiku limene a imigireshoni avomera kukulandirani, kuti tiwerengere limodzi tsiku loyenera kugula tikiti.